Kuyendera limodzi si umboni wa choyambitsa

Mango akayamba kupsa, m'midzi ina makolo amaletsa ana kudya kwambiri, ati amayambitsa malungo. Makolowa sakunama pa zimene maso awo amaona. Chaka ndi chaka mango amapsa cha m'Novembala ndi Disembala, ndipo sipapita nthawi mizere ya odwala malungo imayamba kutalika m'zipatala. Chimene chasiyidwa pa nkhaniyo ndi mvula, yomwe imagwa nyengo yomweyo n'kudzaza zithaphwi zoswaniramo udzudzu. Munthu wopita kusukulu akamva za mangozo amaseka. Koma m'malipoti a mabungwe, m'zolemba za ophunzira a kuyunivesite ndi m'nyuzipepala, kaganizidwe komweko kali mbwee: tinabweretsa pulojekiti, chiwerengero chinatsika, ndiye kuti pulojekiti yathu ndi imene yatsitsa.

Aliyense wonena kuti ichi chayambitsa icho ali ndi ngongole ya funso limodzi: chikanapanda kukhalapo chinthucho, zikanatha bwanji? Munthu mmodzi sangasute fodya kwa zaka 30 kenako n'kubwerera m'mbuyo kukakhala zaka zomwezo osasuta kuti tione kusiyana. Choncho ntchito yonse ya wofufuza ndi kupeza anthu ena oti aimire moyo umene sunachitikewo, ndi kutseka makomo onse amene tanthauzo lina lingalowere. Mfundo zisanu ndi zinayi za Austin Bradford Hill, katswiri wa ku Britain wa masamu a zaumoyo, zimene ophunzira a zaumoyo amaloweza pokonzekera mayeso, zinapangidwira ntchito imeneyi. Masiku ano ambiri amazigwiritsa ntchito ngati fomu yochonga, kuti zikakwana zisanu ndi chimodzi mlandu watha. Kumeneko ndi kuziononga, ndipo mbiri ya mmene zinabadwira ikusonyeza chifukwa chake.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, khansa ya m'mapapo inali itachuluka modabwitsa ku Britain. Richard Doll, dokotala wachinyamata amene ankagwira ntchito ndi Hill, poyamba ankakayikira phula la m'misewu ndi utsi wa magalimoto. Anafunsa odwala m'zipatala za ku London, ndipo zotsatira zinatuluka mu 1950. Mwa amuna 649 odwala khansa ya m'mapapo, awiri okha ndiwo sankasuta. Mwa amuna 649 ogonekedwa ndi matenda ena, osasuta analipo 27. Onani kuti magulu onse awiri anali odzaza ndi osuta, popeza nthawi imeneyo pafupifupi mwamuna aliyense ankasuta. Komanso gulu lofananiziralo linali la anthu am'chipatala, ena mwa iwo odwala mtima ndi chifuwa chobwera ndi fodya yemweyo, zimene zinachepetsa kusiyana kwenikweni. Ngakhale zinali choncho kusiyanako kunaonekabe, ndipo Doll mwiniwake anasiya kusuta kafukufuku ali mkati.

Otsutsa anali ndi mfundo, ndipo sanali anthu wamba. Ronald Fisher, katswiri amene anayala maziko a masamu ambiri ogwiritsidwa ntchito pa kafukufuku lero, ananena kuti mwina pali chibadwa china chimene chimapatsa munthu chilakolako cha fodya komanso kumuika pa chiopsezo cha khansa. Zikanakhala choncho, fodya akanangokhala mnzake wa khansa woyenda naye, osati gwero lake. Fisher ankalangizanso makampani a fodya, koma zimenezo pazokha sizigwetsa mfundo yake. Inafunika kuyankhidwa ndi manambala. Mu 1959 Jerome Cornfield ndi anzake anasonyeza kuti ngati osuta amadwala khansayi kasanu ndi kanayi kuposa osasuta, chibadwa chobisikacho chiyenera kupezeka mwa osuta mochuluka kuposa kasanu ndi kanayi poyerekeza ndi mwa osasuta. Palibe amene anapeza chibadwa cha mphamvu yotere. Apa ndi pamene pali phindu la kukula kwa mgwirizano: kusiyana kukakhala kwakukulu, chinthu chobisika chimene chingakufotokoze chiyenera kukhala chachikulu kwambiri moti sichingabisike. Kusiyana kukakhala kwa 20 kapena 30 peresenti, umphawi wokha, msinkhu wokha kapena dera lokha zikhoza kukupanga popanda choyambitsa chilichonse.

Doll ndi Hill sanaime pamenepo. Mu 1951 analembera madokotala a ku Britain kuwafunsa za kasutidwe kawo, ndipo pafupifupi 40,000 anayankha. Kenako anangodikira n'kumalemba amene wamwalira ndi chimene chamupha. Njira imeneyi inatseka khomo lina, lakuti wodwala khansa amakumbukira fodya wake mokokomeza pofuna kupeza chomunamizira, chifukwa mayankho analembedwa anthuwo ali bwinobwino. Zinaoneka kuti wosuta ndudu zambiri pa tsiku chiopsezo chake chimakwera kuposa wosuta zochepa, ndipo wosiya chiopsezo chake chimatsika. Kafukufukuyu anapitirira zaka 50, ndipo lipoti la 2004 linapeza kuti osuta moyo wawo wonse ankafa msanga ndi zaka pafupifupi 10.

Pamene Hill ankalankhula ku Royal Society of Medicine mu 1965, ankafotokoza zimene anaphunzira pa mkangano umenewu. Anatchula kukula kwa mgwirizano, kupezeka kwake mobwerezabwereza m'malo osiyanasiyana, kulunjika pa nthenda imodzi, kutsogola kwa choyambitsa, kukwera kwa chiopsezo mlingo ukamakwera, kumveka kwake malinga ndi mmene thupi limagwirira ntchito, kusatsutsana ndi zodziwika kale, umboni wa kuyesa, ndi kufanana ndi nkhani zina. Iye mwini ananena poyera kuti palibe imodzi mwa izi imene ingapereke umboni wosatsutsika. Ndipo sizilemera mofanana. Kulunjika pa nthenda imodzi ndi mfundo yofooka, poti fodya yemweyo amayambitsa khansa zamitundumitundu, matenda a mtima ndi a m'mapapo. Kufanana ndi nkhani zina kumadalira luso la wolemba pofunafuna chofanizira. Kubwerezabwereza kumathandiza pokhapokha njira zofufuzira zikhale zosiyana. Makafukufuku 20 okhala ndi chilema chimodzimodzi amangobwereza cholakwa chomwecho ka 20.

Imodzi yokha ndiyo singasowe: choyambitsa chiyenera kubwera chotsatira chisanafike. Zimamveka zachibwana mpaka mutayang'ana mmene makafukufuku ambiri amachitikira, kuzungulira m'makomo ndi mafunso tsiku limodzi n'kufunsa zonse nthawi imodzi. Mukapeza kuti mabanja ogona m'masikito ndi amenenso ali ndi malungo ambiri, musathamangire kunena kuti masikito sathandiza. Kawirikawiri amene amalimbikira kugona m'masikito ndi a kudambo kumene udzudzu suwagonetsa tulo. Mukapeza kuti anthu osamwa mowa amafa msanga kuposa omwa pang'ono, funsani kuti mwa osamwawo ndi angati anasiya chifukwa adokotala anawaletsa atadwala kale. Anthu oonda amafa msanga, inde, koma TB ndi khansa zimayamba kudya thupi miyezi yambiri zisanadziwike. Mankhwala a vutoli ndi odziwika: yezani chinthu chokayikiridwacho anthu asanadwale, atsatireni, ndipo powerengera chotsani imfa kapena matenda a m'zaka zoyambirira kuti muone ngati mgwirizanowo ukhalapobe. Mupatsenso nthenda nthawi yake. Khansa ya fodya imatenga zaka 20 kapena kuposerapo, pamene kolera imatha kugwetsa munthu pasanathe masiku asanu.

Vuto lalikulu kuposa onse ndi chinthu chachitatu, chimene chimakoka mbali zonse ziwiri. Chitsanzo chabwino chili konkuno. Kafukufuku wa dziko lonse wa zaumoyo wa 2004 anaonetsa kuti ku Malawi kachilombo ka HIV kanali kochulukirapo mwa amuna odulidwa kusiyana ndi osadulidwa. Munthu wowerenga tebulo lokhalo akanati mdulidwe umaonjezera chiopsezo. Koma mdulidwe wachikhalidwe ndi wachipembedzo ndi wofala kwambiri kuchigawo chakummwera, komwe kachilomboka kanali kofala kale pa zifukwa zina, pamene kuchigawo chapakati ndi chakumpoto odulidwa anali ochepa ndipo kachilombo kanalinso kocheperako. Tebulolo linkafananiza madera, ngakhale mutu wake unkanena za mdulidwe. Mayankho odalirika anachokera kumene amuna anagawidwa mwa maere, ena kudulidwa ena kudikira: ku Orange Farm ku South Africa, kumene zotsatira zinatuluka mu 2005, kenako ku Kisumu ku Kenya ndi ku Rakai ku Uganda. Onse atatu anapeza kuti mdulidwe wakuchipatala umachepetsa chiopsezo cha mwamuna kutenga kachilombo kwa mkazi ndi pakati pa 50 ndi 60 peresenti, ndipo mu 2007 WHO ndi UNAIDS anauvomereza ngati njira imodzi yopewera.

Pa ulimi nkhani ndi yomweyo. Pulogalamu ya makuponi a feteleza wotsika mtengo inayamba m'nyengo ya 2005/06, kutangotha chaka cha ng'amba, ndipo mvula ya chaka chimenecho inagwa bwino. Zokolola za chimanga zinakwera kwambiri. Palibe amene akukana kuti feteleza amakulitsa chimanga. Zimenezo zinaonetsedwa kalekale pa minda yoyeserera. Funso lovuta ndi lakuti pa matumba oonjezerekawo, angati anabwera ndi pulogalamu ndipo angati anabwera ndi mvula. Palinso alimi ena amene akanagula okha feteleza ngakhale popanda kuponi, ndiye kuponi yawo sinaonjezere thumba ngakhale limodzi m'munda. Ndipo makuponi sankagawidwa mwa maere. Ankadutsa m'manja mwa mafumu ndi makomiti, choncho olandira ndi osalandira ankasiyana kale pa kukula kwa munda ndi pa kudziwika m'mudzi. Wofananiza zokolola za magulu awiriwa osaganizira zimenezi akhoza kukweza pulogalamuyo mopitirira kapena kuinyoza mopitirira.

Njira yothanirana ndi chinthu chachitatu iyenera kuyamba mafunso asanasindikizidwe. Lembani papepala zonse zimene zingakhudze mbali ziwirizo: msinkhu, dera, chuma cha pakhomo, sukulu, mtunda wokafika kuchipatala, nyengo. Jambulani mivi yosonyeza chimene chikukoka chinzake. Zimene mwazindikirazo muziyeze bwino, chifukwa chuma choyezedwa ndi funso limodzi lakuti "muli ndi wailesi?" chimasiya umphawi wambiri usanawerengedwe. Posanthula, gawani anthu m'magulu ofanana, akummwera paokha, apakati paokha, achinyamata paokha, n'kuona ngati kusiyana kuja kukupezekabe mkati mwa gulu lililonse. Pulogalamu ya pakompyuta imachita zomwezi mwamsanga, koma sidziwa chimene chiyenera kulowa ndi chimene sichiyenera. Ambiri amaponyamo chilichonse chimene anafunsa, poganiza kuti kuchulukitsa ndi kusamala. Tiyerekeze kuti mukufufuza ngati sukulu ya mayi imapulumutsa moyo wa mwana, ndipo njira imodzi imene imathandizira ndi yakuti mayi wophunzira amathamangira kuchipatala msanga. Mukafananiza amayi okhawo amene amapita kuchipatala mofanana, mwadula njira imene mumafuna kuyeza, ndipo mudzanena molakwa kuti sukulu ilibe ntchito.

Ngakhale mutachita zonsezi mwaluso, mumangokonza zimene munayeza. Kwa zaka zambiri makafukufuku akuluakulu a ku America, kuphatikizapo wotsatira anamwino masauzande ambiri, ankaonetsa kuti amayi osiya kusamba amene ankamwa mankhwala a mahomoni ankadwala mtima mocheperapo. Ofufuzawo anali akatswiri, anawerengera msinkhu, fodya ndi kunenepa, ndipo nkhaniyo inkamveka bwino malinga ndi mmene mahomoni amakhudzira mafuta a m'magazi. Kafukufuku wa Women's Health Initiative, amene anagawa amayi 16,608 mwa maere, ena kumwa mahomoniwo ena ayi, anaimitsidwa mu 2002 nthawi isanakwane: khansa ya m'mawere inakwera, ndipo matenda a mtima m'malo motsika anakwera ndi pafupifupi 29 peresenti. Zina mwa zimene zinasokoneza makafukufuku akale n'zakuti amayi amene ankapatsidwa mankhwalawo anali opezako bwino, osamala thanzi lawo, omvera malangizo. Khalidwe lotere silikwana pa fomu ya mafunso.

Mfundo imene imanyenga anthu ophunzira kwambiri ndi yakuti nkhaniyo ikumveka. Munthu wodziwa sayansi ya thupi akhoza kupeka njira yomveka yolumikizira zinthu ziwiri zilizonse, ndipo akaipeka amaikonda. Anthu odya masamba ndi zipatso zambiri ankadwala khansa ya m'mapapo mocheperapo, magazi awo anali ndi beta-carotene wambiri (mankhwala achilengedwe opezeka m'masamba ndi zipatsozo), ndipo m'labotale mankhwalawa ankaoneka kuti amateteza maselo. Zonse zinkagwirizana. Ku Finland amuna osuta oposa 29,000 anagawidwa mwa maere, ndipo mu 1994 zinapezeka kuti amene ankamwa mapiritsi a beta-carotene khansa ya m'mapapo inawachulukira ndi 18 peresenti. Kafukufuku wina wa ku America anaimitsidwa mu 1996 atapeza kukwera kwa 28 peresenti.

Ku Chikwawa ndi ku Karonga kunachitika zofananako, ndipo nkhaniyi ndi yofunika kuimvetsa bwino. Aliyense amene analowapo m'khitchini ya udzu nkhuni zaziwisi zikufuka, mayi akupemerera moto mwana ali kumbuyo, sangakayike kuti utsi umenewo umavulaza mapapo. Makafukufuku ongoona ankaonetsanso kuti ana a m'nyumba zophikira nkhuni amadwala chibayo kwambiri. Ndiye ofufuza anatenga magulu a midzi 150, okhala ndi ana oposa 10,000 osakwana zaka zisanu, n'kuchita maere. Theka linalandira mbaula zamakono zokhala ndi fani yoyendera mphamvu ya dzuwa, theka linapitiriza kuphika pa mafuwa. Patatha zaka ziwiri, zotsatira zimene zinatuluka kumapeto kwa 2016 zinaonetsa kuti chibayo chinali chimodzimodzi mbali zonse, pafupifupi ka 16 pa ana 100 alionse pa chaka. Ana opsa ndi moto ndi amene anachepako.

Kodi ndiye kuti utsi ulibe vuto? Ayi, kafukufukuyo sananene zimenezo, ndipo womuwerenga choncho walakwitsanso mbali ina. Chimene chinayesedwa ndi kugawa mbaula, osati kuchotsa utsi. Mbaula zinkaonongeka n'kumafuna kukonzedwa, mabanja ambiri ankakolezabe moto wa pa mafuwa pambali, ndipo mwana amapumanso utsi wa kwa aneba ndi wa zinyalala zotenthedwa. Funso lakuti "kodi utsi umayambitsa chibayo" ndi lakuti "kodi kugawa mbaula kumachepetsa chibayo" ndi mafunso awiri osiyana. Boma kapena bungwe limene likufuna kutulutsa ndalama likufunika yankho la funso lachiwiri, koma nthawi zambiri limapatsidwa umboni wa funso loyamba.

Kumveka kumanyenganso mbali inayo, pokanitsa zoona. Mu 1847 ku Vienna, Ignaz Semmelweis analamula madokotala ochokera kong'amba mitembo kuti azisamba m'manja ndi madzi a klorini asanagwire amayi oyembekezera, ndipo imfa za amayi m'wodimo zinatsika kwambiri m'miyezi yochepa. Anzake ambiri sanamumvere chifukwa panthawiyo nkhani ya tizilombo tosaoneka inali isanakhazikike. Barry Marshall wa ku Australia anachita kumwa mabakiteriya a Helicobacter pylori mu 1984 pofuna kusonyeza kuti amatupitsa chifu, popeza madokotala ankakhulupirira kuti zilonda za m'mimba zimabwera ndi nkhawa ndi asidi basi; mphoto ya Nobel anailandira ndi Robin Warren mu 2005. Chimene chimamveka lero chimangotengera mabuku a lero.

Maere ali ndi mphamvu imene masamu ena onse alibe: amagawa mofanana ngakhale zinthu zimene wofufuza sanaziganizire. Anthu akakhala ambiri, olemera ndi osauka, osamala ndi osasamala, a chibadwa ichi ndi icho, amagwera mbali zonse ziwiri mofanana, ndipo chosiyana chimatsala chimodzi chokha. Umu ndi mmene katemera wa tayifodi anayesedwera ku Ndirande ndi ku Zingwangwa mu Blantyre kuyambira mu 2018. Ana oposa 28,000 a miyezi 9 mpaka zaka 12 anagawidwa mwa maere. Ena analandira katemera wa tayifodi, ena katemera wa matenda oumitsa khosi, kuti pasakhale mwana wobayidwa madzi chabe komanso kuti kholo kapena namwino asadziwe amene walandira chiyani. Mwana akabwera ndi kutentha thupi ankamutenga magazi n'kukawayeza kulabotale, osangoganizira. Katemerayo anachepetsa tayifodi ndi pafupifupi 80 peresenti, ndipo mu 2023 dziko linamuika pa ndondomeko ya katemera wa ana. Chilichonse mwa zimenezi chinali ndi khomo lake lotseka: maere anatseka la chinthu chachitatu, kubisa kunatseka la kukondera poyeza, magazi anatseka la kusokoneza tayifodi ndi malungo.

Maere nawonso amaonongeka. Wogawa akadziwiratu envelopu yotsatira, amayamba kusankha odwala amene akuwamvera chisoni. Anthu ambiri akasowa pakati pa kafukufuku, makamaka mbali imodzi, magulu otsalawo safanananso. M'mudzi umodzi anthu amabwerekana zinthu, ndiye mankhwala kapena uphungu umadutsa mpanda kukafika kwa amene sanayenere kulandira. N'chifukwa chake kafukufuku wa mbaula uja anagawa midzi yathunthu. Ndipo posanthula, munthu aliyense awerengedwe m'gulu limene maere anamuika, ngakhale anasiya mankhwala pa sabata yachiwiri. Mukangotenga okhawo amene anamaliza, mwabwezeretsa vuto la amayi a mahomoni lija, loti omvera malangizo ndi anthu amtundu wina.

Pali ena amene aphunzira zonsezi n'kufika ponena kuti popanda maere palibe chodziwika. Maganizo amenewa amaoneka okhwima, koma ndi omwewo amene makampani a fodya anabisalamo kwa zaka zambiri. Palibe amene angachite maere kuti ana 10,000 ayambe kusuta, kapena kuti mudzi wina uzimwa madzi a zonyansa. John Snow, dokotala wa ku London amene ankafufuza kolera, analibe maere mu 1854, koma anapeza malo amene zochitika zinagawa anthu pafupifupi ngati maere. Kummwera kwa London makampani awiri ankagulitsa madzi m'misewu imodzimodzi, nyumba iyi ya kampani ina, yoyandikana nayo ya inzake, olemera ndi osauka mosakanikirana. Kampani ya Lambeth inali itasamutsira malo otungira madzi kumtunda kwa mtsinje wa Thames mu 1852, pamene ya Southwark and Vauxhall inkatungabe pamene zonyansa za mzinda zinkathiramo. Snow anayenda khomo ndi khomo kumene kunachitika maliro kufunsa kampani ya madzi. M'masabata asanu ndi awiri oyamba a mliriwo, imfa za kolera zinali 315 pa nyumba 10,000 zilizonse za Southwark and Vauxhall, ndipo 37 pa nyumba 10,000 za Lambeth. Mpweya unali umodzi, misewu imodzi, umphawi umodzi. Anthu ambiri amakumbukira za chogwirira cha mjigo wa mu Broad Street, msewu wina wa mu London, chimene chinachotsedwa mu Seputembala chaka chomwecho Snow atakayikira madzi ake, koma umenewo ndi umboni wofookerapo, chifukwa mliri unali utayamba kale kutsika, anthu ambiri atathawa m'deralo.

Nkhani ya mjigoyo ikutifikitsa pa msampha umene malipoti a mapulojekiti amagweramo kawirikawiri. Thandizo limapita kumene zinthu zafika poipitsitsa: sukulu zimene zalephera kwambiri mayeso chaka chino, chipatala chimene chalemba imfa zambiri, boma limene kolera yafika pachimake. Koma chaka choipitsitsa nthawi zambiri chimakhala ndi tsoka lapadera limene silibwereza, ndiye chaka chotsatira manambala amabwerera chapakati ngakhale pasachitike kanthu. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, unatsika pamene katemera, klorini, malo othandizira odwala ndi kutha kwa mvula zonse zinali kuchitika pamodzi. Bungwe limene linagwira ntchito m'boma limodzi silingadzitengere kutsika konseko pongoonetsa manambala a "tisanabwere" ndi "titabwera". Lionetse dera lina lofanana nalo kumene silinafike, loyezedwa miyezi yomweyo ndi njira yomweyo, ndipo lionetse manambala a miyezi ingapo m'mbuyo kuti tione kumene mzere unkalowera kale.

Za nambala yotchedwa p, imene ofufuza amafuna kuti ichepere 0.05 kuti anene kuti apeza kanthu, tingonena mwachidule. Imangoyankha ngati kusiyana kotere kukanapezeka kawirikawiri mwangozi pakanakhala kuti palibe kusiyana kwenikweni. Sinena kanthu za mvula, za dera kapena za chimene chinayamba. Kafukufuku wokhota wa anthu 100,000 amatulutsa p yaing'ono kwambiri pa yankho lolakwa. Komanso woyesa zinthu 20 zosagwirizana n'komwe ali ndi mwayi wa pafupifupi 64 peresenti wopeza chimodzi chodutsa mzerewo. Choncho funso lalikulu la kafukufuku lilembedwe ndi kulembetsedwa manambala asanaonedwe, ndipo lipoti linene zonse zimene zinayesedwa, osati zokhazo zimene zinatuluka bwino.

Chotsala ndi chakuti umboni ukwane pati kuti tichitepo kanthu, ndipo apa Hill anali wanzeru kuposa ambiri omutchula. Anati mlingo wake umadalira mtengo wa kulakwitsa. Pa umboni wochepa, mankhwala a mseru okayikiridwa akhoza kuletsedwa kwa amayi oyembekezera, chifukwa ngati talakwitsa palibe chachikulu chatayika. Pa umboni wapakati, fakitale ikhoza kusintha mafuta okayikiridwa kuti amayambitsa khansa. Koma kuuza anthu onse kuti asinthe zakudya zawo kapena zimene amakolezera moto kumafuna umboni wolimba kwambiri. Kwathu kuno ndiye kuti chitsime chimene mabanja angapo otungapo atsegula m'mimba sabata imodzi chithiridwe klorini lero lomwe, zotsatira za kulabotale zidzapeza ntchito itachitika, poti klorini ndi wotsika mtengo ndipo savulaza pa mlingo woyenera. Pulogalamu yofuna mabiliyoni a makwacha ndi maboma onse 28 iyambe m'maboma kapena m'midzi yosankhidwa mwa maere, ina idikire chaka chimodzi kapena ziwiri. Ndalama sizikwana kufikira onse nthawi imodzi ngakhale kale, ndiye ena amadikira ndithu. Kusiyana kwake n'kwakuti odikira akasankhidwa ndi maere m'malo mwa ndale, pakutha pa zaka ziwirizo pamakhala gulu loti n'kufananiza nalo.